Kalata Imene Sindinasaine

Lolemba, 4 Novembala

Akhonsolo amata chikalata pamtengo wa magetsi. Kuyambira Januwale msewu wathu ndi wa nyumba zokhalamo basi. Mabizinesi ayi. Ndawerenga kawiri, magalasi ali pamphuno. Ndime yachitatu ndi mawu anga enieni, a m'kalata ija ndinawalembera mu Ogasiti osasaina dzina: “phokoso losautsa odwala.” Ine ndinkangofuna kuti a Zitsulo, wowotcherera woyandikana nafeyu, aziyamba ntchito 8 koloko osati 6. Abambo akunyumba kuno, amuna anga, chidwalireni sitiroko tulo ndi ta m'mawa.

Lachisanu, 15 Novembala

A Zitsulo awakaniza laisensi ya chaka chamawa. Andiuza okha pampanda, nkhope yonse thukuta. “Aphunzitsi, pali munthu wandidyera kuseri, koma Mulungu amuona.” Ine: pepani. Kenaka anandifunsa ngati gudumu la njinga ya olumala ya abambo lasiya kulira. Analikonza okha, osalandira kanthu.

Telala wa pakona nayenso amukaniza. Ndi mayi wa saluni. Amenewa sindinawatchule n'komwe.

Lachitatu, 18 Disembala

Lole inabwera kudzanyamula katundu wa a Zitsulo. Makina, zitseko zosamaliza, geti la munthu wina. Malo awapatsa kuseri kwa dambo, kopanda magetsi. Wowotcherera wopanda magetsi! Abambo anaonera pawindo, nkufunsa ndi lilime lawo lolemeralo kuti akupita kuti. Ndinati sindikudziwa. Zaka 34 ndikuphunzitsa ana kuti bodza ndi loipa.

Lachinayi, 9 Januwale

Mvula masiku anayi. Dzenje la pageti lameza theka la msewu. Sindinkadziwa kuti chaka chilichonse ankalikwirira ndi a Zitsulo, ndi zidutswa za njerwa, kuti makasitomala awo azidutsa. Ndinkayesa ndi akhonsolo.

Ndapita kwa khansala wathu. Tiyi, mabisiketi, kumwetulira. Akuti ndalama zokonzera misewu chaka chino zikuyambira misewu ya mabizinesi, ya nyumba idikire. “Nanga si munapempha nokha anthu akumeneko, mayi?” Ndinangoyang'ana m'kapu.

Lachiwiri, 21 Januwale

Tsiku la abambo kuchipatala. Wa takisi anakana kulowa, anaima kumsewu waukulu. Ndinakankha njinga m'matope, gudumu linatitimira, abambo anapendekeka nkugwera m'madzi. Sanavulale. Analira. Chikwatiraneni sindinawaonepo akulira pagulu.

Anatidzutsa ndi akazi a a Zitsulo, akuchokera kotunga madzi. Anapukuta abambo kumaso ndi mpango wawo. Akuti amuna awo achita apilo, idzamveka pa 30. “Mukabwere aphunzitsi, inu akakumverani, mawu anu ndi olemera.”

Ndavomera. Chakudya chandikanika.

Lachitatu, 29 Januwale

Ndawauza abambo zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka: “Ukanene.” Mawu amodzi, koma anatuluka bwinobwino, osakokeka.

Ndasita diresi la buluu.

Lachinayi, 30 Januwale

Chipinda cha khonsolo, mabenchi olimba, fani yosazungulira. Telala analipo, wa saluni analipo. Ndinaimirira. Ndinati kalata ija ndinalemba ndine, ndipo ndikuibweza. Wina kumbuyo anati “Ha!” Wapampando anati kalata sibwezedwa, mapu anajambulidwa kale, anapita kale kulikulu. Makhansala anakweza manja kuvotera apilo ija. Asanu kukana, anayi kuvomera. Khansala wathu anali mwa asanuwo.

Dzanja limodzi lokha.

A Zitsulo anandidutsa pakhomo ngati ndine chipilala. Ndikanakonda akananditukwana. Wa saluni ndiye sanandisungire: “Mukanangogogoda pakhomo pawo, mayi. Pakamwa munali napo.”

Zoona. Mpanda wa a Zitsulo ndi wofika m'chiuno. Zaka khumi ndi chimodzi tikupatsana moni pamwamba pake.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Akusamuka. A Zitsulo apeza ntchito pagalaja ya mlamu wawo, mzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu. Munthu amene anali ndi pake, akukalembedwa ganyu.

Masana kunabwera akazi awo. Sanakhale pansi. Mwana wawo wamkazi akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino, sangamusamutse sukulu pano, ndipo achibale kuno alibe. “Amuna anga akana, akuti kulikonse koma kwa inu ayi. Ine ndati chipinda muli nacho, ndipo masamu mumawadziwa. Sindinabwere kudzakukhululukirani, aphunzitsi. Ndabwera chifukwa cha mwana.”

Ndinati abwere.

Loweruka, 15 Febuluwale

Wafika ndi chikwama chimodzi ndi katoni ya mabuku. Ndamupatsa chipinda cha mwana wanga, ndamuikira tebulo pawindo. Abambo wawapatsa moni mogwada. Ine sanandiyang'ane. Chakudya wadya chonse, mbale watsuka yake yokha.

Mayeso ndi mu Juni. Ndatsitsa mabuku anga a masamu pamwamba pa kabati, fumbi lokhalokha. Mtsikana uja akugogoda pachitseko changa, kaya akufuna chiyani.