Laputopu yosunga mawu a bambo yayamba kugogoda

Aphungu,

Kalatayi ndailemba n'kuing'amba kawiri, koma mtima ukukana kukhala pansi. Bambo anga anadwala sitiroko chaka chatha. Munthu amene anatsogolera kwaya zaka makumi atatu, lero watsala ndi mawu atatu basi: "madzi", "ayi", ndi "iwe". Lomalizali ndiye dzina langa masiku ano.

Asanadwale ankadzijambula pa laputopu yawo akuimba, liwu lililonse palokha, kuti oimba azikaphunzirira kunyumba. Ife sitinakoperepo nyimbozo kwina kulikonse. Adokotala owaphunzitsa kulankhula anati tiziwayikira azimvera. Ndiye m'mawa uliwonse ndikawasambitsa, ndimanyamula laputopuyo ili yoyaka kuchoka pabalaza, n'kuwayikira pabulangete pamiyendo. Aphungu, akamadzimva milomo yawo imayenda. Tsiku lina anaimba mzere wathunthu, mayi mpaka anathawira kukhitchini kukalira.

Koma mwezi uno nyimbo zayamba kudukiza. Zimaima pakati, m'kati mwa laputopu n'kumamveka kugogoda. Ikatero bambo amaipatsa mbama ndi dzanja lawo labwinolo, monga ankachitira ndi wailesi yakale. Nthawi zina imapitirizadi, iwo n'kumwetulira ngati apambana mlandu. Panopa nyimbo ziwiri sizikutsekukanso.

Nditapita nayo kwa wokonza makompyuta, atamvetsera kugogodako anati, "Achemwali, hadi disiki yanu, mosungira nyimbozimu, yachita mabala. Muisiye kuno masiku anayi." Ndinabwerera nayo kuti ndikafunse kaye. Nditangoyamba nkhaniyo, bambo anaifungatira n'kunena "ayi" kasanu. Achimwene anga akuti, "Asiye akuluwo, chatsala chowasangalatsa n'chiyani?" Achimwenewo akufuna kuikamo pulogalamu yokonzera imene aipeza pa intaneti.

Ndikuopa kuwalanda, koma ndikuopanso kuti tsiku lina idzangoti zii, mawu awo n'kupita. Nditani ine?

E.K.N., mwana wawo wamkazi

Achemwali,

Pepani ndi matendawa. Koma sindikunyengererani: izimitseni laputopuyo lero, isayakenso mpaka ifike kwa wokonza. Paja ndidyeretu chire anasowa mbewu. Nyimbo iliyonse imene mukuwayikira panopa ikufupikitsa moyo wa zotsalazo.

M'kati mwa hadi disiki muli kambale kozungulira mwaliwiro, ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Mbama ikagwa, kapena mukainyamula mogwedeza ili yoyaka, kasinganoko kamakanda mbale. Pokandikapo ndiye mabala amene wokonza uja akunena, ndipo zimene zinalembedwa pamenepo siziwerengekanso bwino. Bulangete nalo limatseka popumira, makina n'kumatentha. Musadziimbe mlandu, simunkadziwa.

Achimwene anu akufuna zabwino, koma agwireni dzanja. Pulogalamu yotero sipoletsa bala lokandika. Imangoika chizindikiro kuti kompyuta isamapondenso pamenepo, ndipo pofufuzapo imathamangitsa disiki yodwala maola ambiri. Disikiyo ikhoza kufera m'njira. Kukopera kuyambe, kukonza kubwere pambuyo. Wokonza uja mumuuze akopere disiki yonse pa ina yatsopano, ayambire malo abwino, amabalawo amalizire. Asafufute kanthu. Nyimbo ziwiri zija mwina sizibwerera, konzekani mtima. Koma mwanena nokha kuti oimba ankaphunzirira kunyumba. Ayendereni mmodzimmodzi, wina sangalephere kukhala nazo m'foni kapena pa fulashi yoiwalika m'kabati.

Tsono za bambo. Sitiroko yawalanda lilime, koma munthu amene amamwetulira nyimbo ikapitiriza akumva ndithu. Musaibe laputopuyo ali m'tulo, kumeneko n'kuwachepetsa. Khalani nawo pansi muwauze zoona: mawu awo ali pangozi, mukupita nawo kukawapulumutsa, ndipo abwerako. Akati "ayi", dikirani, mufotokozenso. Masiku anayiwo itanani oimba awiri kapena atatu adzawaimbire m'chipindamo. Akaphonya liwu mudzaona dzanja la mbama lija likuwawongola.

Zikabwerako, sungani nyimbozo malo atatu: pa disiki yatsopano, pa fulashi imene izikhala kunyumba ina, ndi m'foni mwanu. Bambo azimvera za m'foni pa kasipika kakang'ono, ako angakamenye mmene angafunire. Laputopu izikhala patebulo. Disiki yakaleyo musadzaikhulupirirenso ngakhale itaoneka ngati yachira, chifukwa mabala akayamba amangowonjezeka.

Chomaliza, ndipo musachizengereze. Mukudera nkhawa mawu amene bambo anali nawo kale, koma amene ali nawo lero simunawasunge paliponse. Mawa m'mawa, musanawasambitse, yatsani chojambulira cha m'foni n'kuima pakhomo. Dikirani akuitaneni kuti "iwe".

Aphungu