Chigongono chimene Mayi Khotetsani atisiyira chosadula

Kwa bambo a pakhomo, ana, achibale ndi onse amene maliro awa awakhudza,

Ndi chisoni chachikulu, mitima isanavomereze n'komwe zimene makutu amva, ife a bungwe lofufuza ndi kukonza zipangizo zounikira m'mitsempha ya magazi tikulengeza za imfa ya mkulu wa chipinda chathu choyesera zipangizo, amene atisiya atadwala kanthawi kochepa chabe. Dzina lawo lenileni lili pachitseko cha ofesi yawo, koma kuyambira mlonda wa pageti mpaka ine wapampando, tonse tinkangoti Mayi Khotetsani, ndipo iwo ankavomera ndi nkhope yonse. Jekete lawo loyera likadali pamsomali pamene analikoloweka tsiku limene anati akungopita kukaonana ndi dokotala.

Kwa amene simuidziwa ntchito yathu, tilolereni tifotokoze pang'ono, kuti mudziwe kukula kwa chimene tataya. Mtsempha wa mtima ukayamba kutsekeka, dokotala amalowetsa kachubu kowonda kwambiri kudzera padzanja kapena m'ntchafu, ndipo kunsonga kwake kumakhala kadiso kozungulira kamene kamajambula khoma la mtsemphawo kuchokera m'kati. Chithunzicho ndicho chimamuuza kukula kwa kaneti kachitsulo kamene asiye mmenemo kuti magazi azidutsa. Tsoka lake, mtsempha ukakhota, kawaya kozunguza kadisoko kamakakamira kenaka n'kufwamphuka, motero mtsempha wobulungira bwinobwino umaoneka ngati dzira, ndipo dokotala, ngakhale akhale katswiri wotani, akhoza kusankha kaneti kochepa kapena kopyola muyezo. Mayiwa anathera zaka zawo zonse za ntchito pa vuto limeneli. Ndi iwo amene anatsogolera gulu loika timizere pakhungu la kachubu kuti kompyuta izizindikira pamene kadiso kachedwa n'kuwongola chithunzicho. Ndi iwonso amene anaphunzitsa madokotala ndi anamwino ambiri kusakhulupirira chithunzi chifukwa choti chakongola.

Dzina lija analipata chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Munthu akabwera akumwetulira kuti chipangizo chajambula bwino m'payipi yowongoka, iwo ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, “Mwana wanga, unamuonapo munthu wa mitsempha yowongoka ngati lula? Takhotetsani tione.” Ankatenga payipi ya labala, n'kubisamo kamphete kamene iwo okha ndiwo ankadziwa kukula kwake, n'kuikulunga pamwendo wa mpando wawo. Wojambula ankayenera kutchula muyezo mokweza pamaso pa anzake, ndipo akatero m'pamene mayiwa ankang'amba payipiyo ndi lezala n'kuyeza kampheteko aliyense akuona. Pamenepo panalibe wamkulu, ngakhale wapampando akadutsa pakhonde ankakodwa n'kuuzidwa kuti atchule. Ambiri tinatuluka m'chipindamo tikudzikanda kumutu, koma zithunzi zathu zinayamba kunena zoona.

Bambo, tikudziwa kuti ntchito imeneyi simunailipire ndi nthawi yokha. Tikukumbukira tsiku lina mutabwera kudzawatenga munatidandaulira kuti, “Inu anthu, kunyumba kwanga kulibe payipi yamoyo. Yothirira maluwa anadula, ya makina ochapira ndachita kubisa kwa achimwene anga.” Tinaseka mpaka misozi, mayiwa n'kungoyankha kuti, “Bisani bwino, bambo a ana, kwa alamu ndikudziwako.” Lero kuseka kumeneko kukutipweteka, ndipo tikukuthokozani pamodzi ndi ana chifukwa chotibwereka mayiwa kwa zaka zonsezi.

Pali chinthu chimodzi chimene atisiyira chosamaliza, ndipo n'koyenera kuti banja ndi anthu onse achidziwe. Payipi yomaliza imene anakulunga pampando paja ndi yokhota kuposa zonse, moti anyamata ndi atsikana a m'chipindamo anaipatsa dzina loti Chigongono. Chipangizo chathu chatsopano chapambana m'mapayipi ena onse, koma m'Chigongono chimati lero muyezo uwu, mawa wina. Mayiwa anakana kuchidula, n'kukananso kulola kuti chipangizocho chikalowe m'thupi la munthu. Zipatala zinkafunsa kuti chituluka liti, ndipo ena mwa akuluakulu a bungwe ankati zengerezu adalinda kwawukwawu, mitsempha yokhota chotero ndi ya anthu owerengeka. Mayiwa sanapite m'mbali. Anati, “Owerengekawo ali ndi ana kunyumba. Mukufuna ndikawauze chiyani anawo, kuti mayi anu anakhota okha?”

Wachiwiri wawo atapita kukawazonda kuchipatala, anawapeza atafooka kwambiri, mawu akutuluka movutikira, koma asanamufunse za kunyumba anayamba ndi kuti, “Chigongono chalola?” Iye anati sichinalole, ndipo poona mmene analili, anawapempha kuti angomunong'oneza kukula kwa kamphete kali m'katimo. Mayiwa anamwetulira n'kupukusa mutu. “Ukufuna kubera mayeso pa bedi la wodwala? Ukadziwa yankho, maso ako adzaona yankholo. Pita ukajambule.” Sanamuuze iye, sanauze wina aliyense.

Titafika pakhomo kudzakhuza maliro, mwana wawo woyamba, amene ndi namwino, ananditengera pambali n'kundifunsa funso limene landisowetsa mtendere. Anati, “Bambo, ndiye poti amayi apita, chija muchitulutsa eti? Poti wokuletsani kulibenso.” Ndinamupempha kuti andipatse nthawi, chifukwa yankho lotere si la munthu mmodzi, ndipo pamaliro pakamwa pamafulumira kulonjeza. Akuluakulu onse a bungwe takhala pansi, takambirana mosabisana mawu, ndipo tamanga mfundo imodzi imene ndikuilemba pano kuti aliyense adzatigwire nayo pakamwa.

Mwana wathu, yankho ndi ili. Chipangizocho sichituluka pakhomo pathu, kaya atifunse kangati, mpaka Chigongono chitapereka muyezo umodzi wosasinthasintha m'manja mwa aliyense wojambula. Mpando uja sitiusuntha, payipi ija sitiimasula, ndipo palibe amene aikhudze ndi lezala. Payipi imang'ambidwa kamodzi kokha, choncho tili ndi mwayi umodzi wokha woyankha funso lomaliza la mayi anu, ndipo sitiuwononga chifukwa cha phuma. Kwa odwala amene mukudikira ndi madokotala amene mukutiyembekezera, tikudziwa kuti kudikira kumawawa, koma sitikubweretserani chithunzi chimene ife eni sitingachikhulupirire pa mtima wa mwana wathu.

M'malo mwa akuluakulu a bungwe, ofufuza, amisiri, anamwino, madokotala ndi ogwira ntchito onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu bambo, ana, adzukulu ndi abale onse. Pepani, pepani kwambiri. Mulungu amene amatonthoza olira akugwireni dzanja masiku ovutawa, akupatseni mphamvu pamene zanu zatha, ndipo mayi wathu awapumitse mumtendere umene sankadzipatsa okha ali pantchito.

Tsiku limene tidzakhale okonzeka, tidzakuitanani nonse m'chipinda chija. Ife tidzaimirira n'kutchula muyezo wathu mokweza monga anatiphunzitsira, ndipo lezala tidzapereka kwa mwana wawo woyamba kuti adule ndi dzanja lake. Tikadzapezeka kuti talakwa, bambo, mudzatipatse payipi munabisa ija, tidzakhotetse tiyambirenso.

Ndine wanu pa chisoni chimenechi,

Wapampando,
m'malo mwa mamembala onse a bungwe