Chopondera cha Galimoto ya Apatarau

Lachinayi, mvula itakata. Tsiku lamanyazi.

Apatarau, abwana a ku Entre Lagos ogulitsa simenti aja, anabweretsa galimoto yawo yatsopano ku ofisina ya amalume, komwe timakonza magalimoto. Chopondera chake chimayenera kutuluka chokha munthu akatsegula chitseko, koma cha kumanja chimangong'ung'udza osatuluka. Apatarauwo anati ndikachikonza lero, anditenga ndizikayang'anira magalimoto awo ku Nampula. Ine mumtima ndinali nditafika kale.

Ndinalumikiza kompyuta. Fuzivelo, fyuzi ija, inali bwino, batire nalonso. Ndinawafotokozera apatarau za masensa mpaka dipuloma yanga ndinaitchula kawiri. Amalume anati, "Mphwanga, tagona pansi uone." Ndinayankha kuti galimoto zamakono sitizigonera pansi. Komanso malaya anga anali oyera.

Patatha maola atatu anatulukira a Saide, alonda a apatarau, pa njinga yawo ya nsomba za ku nyanja ya Chiuta. Atamva vuto anati, "Chitsulo chija? Ndinachimanga ine ndi mphira. Chimangosololoka aliyense akatsegula chitseko, ndiye ndinaopa kuti chigwera m'njira."

Anali atachimanga ngati dengu la nsomba, mfundo pamwamba pa mfundo. Amalume anagona m'matope, nadula mphirayo ndi mpeni, natsuka zolumikizira zake, nathira mafuta. Chopondera chinatuluka mwaulemu wake wonse.

Apatarau afunsa amalume ngati angakonde kukakhala ku Nampula. Amalume ati aganizira kaye, koma madzulo ano andifunsa ngati chikwama changa chaulendo chimatsekeka bwino, ndipo ine…