Boyila Yanga ndi Mbaula Yanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Wallacedene tili bwino, mvula yokha ndiye yatisowetsa poyanika matewera.

Eya, mwamva bwino, matewera! Mpongozi wanu Esinta wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Nelesi. Pakamwa ndi panu ndithu. Akayamba kulira mzere wonse wa nyumba umadzuka.

Koma ntchito inatsala pang'ono kundithera Esinta ali woyembekezera, ndipo mlandu wake ndi wanu. Mutatisiya ndinalembedwa ntchito yosonkhezera malasha mu boyila, ng'anjo yaikulu yowiritsira madzi, pa fakitale yochapa nsalu za m'mahotela. Mukukumbukira momwe munkandikalipira pa mbaula? "Kupiza, iwe! Moto wa utsi ndi wa mlesi." Ndiye ine ndinatsegula mafani onse okupizira moto mpaka chumuni inayera mbee osatulutsanso utsi, ndikudzitama kuti ndine mwana wa a Nelesi.

Atabwera oyeza utsi, tinalephera. Akuti m'malasha ndi mumpweya muli naitrojeni. Ukachulutsa mpweya moto n'kutentha kwambiri, naitrojeniyo amagwirana ndi okosijeni n'kupanga utsi wina wosaoneka, amautcha nokisi. Umapweteka chifuwa, makamaka cha ana. Bwana anati tikalepheranso boyila itsekedwa, ife tizipita. Ndinaopa, Amayi. Mwana ali m'njira, bambo wake n'kukhala lova kudziko la eni?

A Mzwakhe, mdala wa Chikhosa amene ndimagwira naye, anandiphunzitsa kuugawa mpweyawo: wochepa pansi pa malasha, wotsalawo pamwamba kuti zotsala zitsirize kupsa. Ukaumananso mpweya kwambiri motowo, utsi wakuda umabwerera. Mpamene ndinakumbukira kuti mawu anu aja anali ndi mbali yachiwiri, imene inkandipeza ndikuthamangira kale kumpira: "Wakolera, siya. Tembenuza khomo la mbaula lisayang'ane mphepo." Ndinaseka ndekha pa boyila paja, misozi ikutsika.

Oyeza utsi aja abweranso kudzayeza sabata yathayi, ndipo takhoza! Ndinavina pamaso pa bwana, nkhope ili bii ndi malasha. Ntchito ilipo, komanso mpweya umene mdzukulu wanu akupuma sindikuuwononga ngati kale.

Disembala tibwera naye kudzasesa pamanda panu, mumumve nokha mawu akewo. Akadzakula ndidzamuphunzitsa kukoleza mbaula, koma ndikulonjeza kuti ndidzamugwira mkono asathawe, mpaka amve mbali zonse ziwiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani