Fagasi Anachedwa Kupsa

Wokondedwa mlongo wanga Colin,

Ndikhulupirira uli bwino kumigodi kwanuko, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiya. Mlamu wanga Denise ali bwanji? Nanga ana? Kuno ku Sheffield tilipo. Sindinganene kuti tili bwino, koma tikupuma. Ukaona zilembo zapendekeka usandiseke, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja lili m'chikhakha.

Sindinaimbe foni dala, chifukwa ndimakudziwa. Iwe sumvetsera, munthu asanamalize kulankhula umakhala wayamba kale kusaka makiyi a galimoto. Ndiye khala pansi, uwerenge mpaka kumapeto. Nkhani ndi ya mng'ono wanga Shona ndi mlamu wako Rodney.

Kuti amamumenya ukudziwa, usanamizire kudabwa. Chimene sukudziwa n'chakuti chaka chatha anamulanda foni ndi makiyi a nyumba, ngakhale kutchalitchi anamuletsa. Famu ija ya ku Wilmot inasanduka khola. Tsiku lokha limene amamulola kutuluka ndi ine ndi lokaona masamba a mitengo ya fagasi atasanduka agolide kuphiri la Cradle. Limenelo sangaliletse. Dera lonse limadziwa kuti ana a Mavis amakwera phiri masamba akapsa, monga ankachitira mayi awo. Ataliletsa anthu angafunse, ndipo Rodney amaopa mafunso kuposa Mulungu.

Ndiye tinapangana. Tinyamuke m'mawa ngati tikupita kuphiri, koma tikhotere kudoko la Devonport, Shona akakwere sitima yapamadzi, asadzabwerenso. Malo m'sitima amatha msanga nyengo ino, choncho ndinasungitsiratu. Tsiku ndinalisankha potsata mawu a amayi aja, akuti ukamva malipenga a tsiku lokumbukira asilikali pukuta nsapato, fagasi wapsa. Moyo wathu wonse mawu amenewo sanatinamizepo.

Koma chaka chino chisanu chinachedwa. Epulo yense dzuwa lili nganganga, anthu akuyenda ndi malaya amikono yaifupi. Malipenga analira, fagasi adakali wobiriwira ngati kabichi. Mtengo umenewu ukuudziwa, sukakamizika. Umadikira kuzizira, n'kupsa sabata imodzi, mphepo n'kuukuntha, basi zatha mpaka chaka chamawa. Ndinaganiza zosintha tsiku, koma Shona anandinong'oneza pakhomo kuti akadikira sabata ina tidzamunyamula m'bokosi. Ndinaona mabala a pakhosi pake, sindinatsutse.

Rodney atandifunsa ngati masamba apsa, ndinati apsa psuu, phiri lonse golide yekhayekha. Anangomwetulira, ati chabwino alamu, mukajambule zithunzi zambiri. Chitsiru ine, ndinaiwala kuti mnzake amene amamwa naye amagwira ntchito kuphiri komweko, ndipo amaona mitengoyo tsiku ndi tsiku.

Anatiperekeza mpaka pageti, anatitseguliranso yekha. Shona sanatenge chikwama, anangovala zovala zitatu mophatikiza, m'manja fulasiki yachitsulo ya amayi ija. Titafika pamphambano paja sitinalowere kuphiri, tinakhotera kunyanja. Shona anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali nditakuiwala. Sitinapite patali, ndinaona galimoto ya Rodney pagalasi.

Sanaimbe hutala, Colin. Anangotigunda kumbuyo. Kachiwiri anatigunda m'mbali, galimoto yanga n'kukagwera mu ngalande. Ndisanamasule lamba anali atatsegula kale chitseko cha Shona. Anamukoka ndi tsitsi mpaka pamsewu, n'kumumenyetsa nkhope paboneti, kumudzutsa, kumumenyetsanso. Uku akukuwa kuti masamba aja ali kuti, mundionetse masamba, kodi fagasi wayamba kumera m'nyanja? Ndinaona mano a mwana wa amayi athu akugwa pa phula.

Ndinamudumphira kumsana n'kumuluma khutu, ndipo sindikupepesa. Anandigwetsa, anaika mkono wanga pachitseko cha galimoto n'kuchimenyetsa. Ndinaumva ukuthyoka ngati nkhuni youma. Ati iwe nkhalamba yopanda mwamuna, ndiwe wamuphunzitsa mwano, lero muona nonse awiri. Anapita kugalimoto yake n'kubwera ndi sipanala yaikulu yomasulira matayala.

Fulasiki inali pansi pafupi nane, tiyi ali modzaza. Ndinaitola ndi dzanja lamanzere n'kumukhoma nayo kuseri kwa khutu ndi mphamvu zanga zonse. Anagwada. Ndinati zatha, koma munthu uja ndi ng'ombe, anadzukanso, magazi ali chuchuchu m'khosi, sipanala ili m'manja. Shona anali atagona chafufumimba, osagwedezeka. Pamenepo ndinadziwa kuti tafa, ndipo ndinakwiyira amayi, ndinakwiyira mitengo, ndinadzikwiyira ndekha.

Ndiye kunatulukira basi. Inali yodzaza ndi nkhalamba za ku Launceston zimene zinalawirira kukaona fagasi, n'kukapeza zobiriwira zokhazokha. Zinatembenuka msanga zikudandaula kuti zapita pachabe. Masamba akanapsa, anthu amenewo akanatandala kuphiri mpaka madzulo, ndipo kalatayi akanakulembera abusa.

Anatsika onse, ena ndi ndodo, ena akugwirana mikono. Mayi wina wamfupi, tsitsi lili mbuu, anakaima pakati pa Rodney ndi Shona. Anamuuza kuti mwanawe, yamba ndi ine, mafupa anga ndi ofewa sakuvutitsa, koma uyang'ane kuno bwinobwino chifukwa makamera athu asowa ntchito lero. Ndipo anamujambuladi, gulu lonse, iye sipanala ili m'mwamba. Zithunzi zambiri zija anazipeza. Anayamba kunena kuti ndi nkhani ya m'banja, mkazi wake amadwala mutu. Mdala wina anamuyankha kuti inde tikuona, ndipo matendawo ali m'manja mwako. Anamuzungulira mpaka apolisi anafika.

Panopa ali m'chitolokosi, akudikira mlandu. Mboni ndi basi yathunthu. Shona kuchipatala anamumanga nsagwada ndi waya, akudya phala lamadzimadzi lokha, koma akuyenda. Madokotala akamulola akwera ndege, abwera kwa iwe. Umukonzere chipinda choti chitseko chake chizikhomeka mkati. Akakhala chete usamufunse mafunso. Ana uwachenjeze asamudzidzimutse kumbuyo.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ndikupempha ngati mkulu wako amene ndinakubereka kumsana. Usabwere. Ndikudziwa kuti pofika pano wayimirira kale, ndipo Denise akukufunsa kuti chavuta n'chiyani. Khala pansi. Rodney sungamufikire, ungokathera pa azichimwene ake, ndipo iwo akungodikira zimenezo kuti kukhoti akanene kuti banja lathu ndi landewu. Mfuti ya abambo usaiganizire, ndinakaipereka kupolisi ndi dzanja langa lotsalali. Shona wakhala zaka zonsezi ndi mwamuna wothetsa nkhani ndi zibakera. Asakatsike ndege n'kupeza wina.

Kuchipatala sanalirire mano ake. Analira kuti chimwalirireni amayi, aka n'koyamba kuti asaone fagasi. Anandituma, polankhula ndi mano omangidwa, kuti ndikamuonere. Dzulo mnansi wanga anandiperekeza. Chisanu chinagwa ife tili m'chipatala, masamba anapsa, mphepo inawakuntha. Ndinapeza nthambi zokhazokha, masamba ali pansi m'matope. Ndinakhala pamwala paja amayi ankathirira tiyi, ndinalira ngati mwana.

Nditabwerera sindinamunamize Shona, mabodza a masamba andikwana. Iye anati chaka chamawa tidzapite atatu, tikadikire kuphiri komweko mpaka apse, ngakhale zitatenga mwezi, poti palibenso wotiwerengera nthawi. Dokotala akuti mkono wangawu sudzagwiranso bwino chiwongolero, ndipo Shona sanayendetse galimoto chikwatiwireni. Woyendetsa ndiwe. Ukakhala kundende, adzatikweza phiri ndani?

Undiperekere moni kwa Denise ndi ana, uwauze kuti azakhali awo akubwera. Mulungu akusunge, ndipo akugwire manja.

Ndine mlongo wako,
Glenys