Dzina Langa Latsalira ku Blantyre

Lolemba, 4 Ogasiti

Tsiku loyamba pa kompyuta. Zaka zonsezi ndili pa sikelo ya depoti ya Malindi, kukoka matumba a usipa wouma wa kampani. Lero mpando. Mpango watsopano, wobiriwira.

Ndalemba dzina langa ndi mawu achinsinsi monga ananditumizira a ku ofesi yaikulu ku Blantyre. Yakana. Ndabwereza. Yakananso. A Swadick, akulu a depoti, ali chilili kumbuyo kwanga. "Ingolowa pa dzina la Abiba, tonse timalowera pamenepo." Abiba anasiya ntchito kalekale, anakwatiwa ku Katuli. Dzina lake likadali m'makina, mawu ake achinsinsi ngakhale alonda amawadziwa. A Swadick awo anaiwala, sanavutikenso kufunsa ena.

Ndabwerera ku sikelo.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Amayi akuti usamalimbane ndi akuluakulu, ntchito ndi ntchito. Koma a ku Blantyre ananena poyera: mwezi uno ngwoyesera, adzaona makilo amene ndalowetsa pa dzina langa. Ndikalowera pa la Abiba, ndiye kuti wagwira ntchito ndi Abiba ali phee kwa mwamuna wake. Ine ndiye kuti sindinabwereko. Ndi Sitandade 8 yangayi, pali ena akungodikira nditerereke.

Sindilowa pa dzina la munthu. Ndili nalo langa.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndaimbira a Duncan, a zamakompyuta ku Blantyre. Ndinabisala kuseri kwa mathandala oyanikira. Ndinawafotokozera kuti dzina langa likukana.

Munthu wodekha. Akuti mayina a antchito amasungidwa pawiri: m'makina aakulu kwawoko, ndi m'kabokosi kolira kamene kali m'kabati yathu, seva. Awiriwa amauzana nkhani, wabwera ndani, wachoka ndani. Langa analilemba kale kwawo, langotsala kuwoloka. Netiweki yathu njofooka, masana imanyamula makilo, usiku batire la sola limatha. Ndiye anaikira makinawo nthawi yawoyawo yolankhulana, Lachisanu masana. "Mawa likhala lafika, achemwali."

Achemwali. Palibe wa ku ofesi anandiitanapo choncho.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Silinafike.

Lolemba, 11 Ogasiti

Mwera wamphamvu, usipa wochepa, anthu ambiri ongoima n'kumacheza. A Swadick pamaso pa amayi ogulitsa: "Kalaliki wathu uyo, kompyuta imamuopa." Onse kuseka. Ine maso pa sikelo, makutu moto.

Masana a Duncan aimba okha. Akuti kwawo zikuonetsa kuti makina athu sanayankhe, ndipo si sabata ino yokha. Mafunso ambirimbiri. Magetsi a kabokosi akuthwanima? Waya unadyedwa ndi makoswe? Kenako afunsa kuti Lachisanu masana kuno kumachitika chiyani. Ndati palibe, a Swadick amazimitsa swichi yaikulu, kukhoma, onse ku Juma, mapemphero a ku mzikiti.

Anadziseka okha mpaka kutsokomola. Akuti posankha nthawi anayang'ana pamene netiweki yathu imakhala yopanda kanthu, napeza Lachisanu masana, ziii sabata iliyonse. Sanadziwe kuti ziii ameneyo ndi makina ozima.

Ndati sinthani nthawiyo. Asintha kale kwawo, koma uthenga wa kusinthako nawonso uyenera kudzera njira yomweyo. Kabokosi kathu kakudziwabe za Lachisanu basi. Kayenera kukhala koyaka Lachisanu limodzi lokha, zonse ziwoloka. Kubwera okha kuno ndi mwezi wamawa, galimoto ikapezeka.

Mwezi wamawa ine ndidzakhala ndili pa sikelo mpaka kalekale.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Dzulo lonse kuyeseza mawu m'mutu. Lero ndawauza a Swadick, maso pansi. Akana ndisanamalize. Chaka china inivheta, makina a magetsi a sola, inapsa iwo kulibe, matumba a kampani ananyeka, anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Chiyambire pamenepo palibe chotsala choyaka iwo ali ku mzikiti. A Duncan awaimbira, a Swadick awayankha kuti depoti ikapsa wa ku Blantyre adzangomva pa foni.

Sindikuwada pa zimenezo. Mantha awo ndi oona. Koma anga nawonso ndi oona.

Ndati nditsala ine kuyang'anira, akazi Juma sitikakamizidwa. Ati wa mwezi woyesera satsala yekha ndi katundu chitseko chili pululu. Ndati ndiye mundikhomere mkati. Sindikudziwa mawuwo anachokera kuti. Andiyang'ana ngati mbuzi yalankhula.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Amayi amva, sindikudziwa kwa yani. "Mwana wamkazi kukhomeredwa m'nyumba ya eni, anthu adzati chiyani?" Anthu akunena kale, amayi. Akuti kompyuta imandiopa.

Mutu kupweteka. Sindinadye bwino.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Nthawi itayandikira ndinakakhala pansi, msana kutsamira khoma, pansi penipeni pa swichi. Kuti aifikire anayenera kundilumpha kapena kundikoka. A Swadick atavala kale kanzu yoyera, makiyi m'manja. Choka. Ine osasuntha. Naima, choka. Ndinakanikiza msana pakhoma. Azana, kuitanira anthu ku mzikiti, inayamba. Anzawo akuwaitana pamsewu. Anayang'ana swichi, anayang'ana ine. "Kukapsa kuno upsera limodzi." Loko khethe.

Kutentha. Fungo la usipa lodzaza chipinda. Ndinasendera ku kabati, ndowa ya mchenga pambali, mphuno tcheru kununkhiza utsi. Timagetsi tobiriwira tinali kuthwanima pang'onopang'ono monga masiku onse, kenako tonse phethiphethi mofulumira, kabokosi kulira mokweza. Ndinaopa kuti ndiwo motowo. Ndinaika dzanja pamwamba. Kofunda chabe.

Khutuba, ulaliki wa ku mzikiti, inkamveka patali pa chimkuzamawu. Ndinaswali pa thumba lopanda kanthu, mapemphero anga a masana. Kenako mpando. Ndinalemba dzina pang'onopang'ono, chala chimodzi.

Yatseguka. Pamwamba: Naima Wadi.

Sindinalire. Chabwino, pang'ono. A Swadick pobwera anayamba anunkhiza kaye, kuyendera ngodya zonse. Sanandilankhule mpaka kuweruka. Ndalowetsa m'kompyuta matumba a madzulo onse ndekha.

Loweruka, 16 Ogasiti

Mwera waleka, usipa wadzaza. Mzere wa amayi mpaka kumsewu. A Swadick anafika kale ine ndisanafike, ndawapeza pa mpando thukuta kamukamu. Dzina la Abiba likukana. Nkhani zonse zinawolokera limodzi dzulo, ya kubwera kwanga ndi ya kuchoka kwake. Zimenezo sindinaziganizire. Lawo la iwo lilipo, koma mawu achinsinsi sakuwadziwa, ndipo a Duncan Loweruka foni njozima.

Depoti yonse, wolowa ndine ndekha.

Anandiitanira pambali, mawu otsika, aulemu umene sindinaumvepo. Akuti ndiwauze mawu anga achinsinsi, alowetse okha mwachangu, ine ndithandize ku sikelo poti anthu achuluka. Akutinso lipoti la mwezi woyesera amasaina ndi iwo, ndisaiwale. Sindinaiwale. Ndikulikumbukira ngakhale pano.

Ndati pepani bambo, mawuwo ndi anga. Inu werengani sikelo, muzinditchulira, ine ndizilemba.

Azimayi a pamzere ayamba kudandaula za dzuwa, wina kufuula kuti ana akudikira kunyumba. A Swadick anavula chipewa, anachivalanso. Kenako anapita ku sikelo, nakoka thumba loyamba okha.

Anatchula makilo osandiyang'ana. Ndinati sindinamve, abwereze mokweza.