Ndakubwezera Matikiti Ako, Cleophus

Msewu wa Garland
Lachiwiri, 12 Malichi

Mlongo wanga Cleophus,

Landira moni wochokera kwanu, ngati ukukumbukirabe kuti uli nako kwanu. Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Charmaine ndi ana. Kodi chifuwa cha Imani chija chinatha? Ife kuno tilipo. Bondo langa likuvutabe kukazizira. Amalume a Roosevelt anawazula mano awiri, koma zolankhula sizinachepe.

Envelopu yako inafika Loweruka. Ndinasangalala poiona, poti kalata yako yomaliza ndinailandira amayi adakali moyo. Potsegula ndinapeza matikiti awiri a mipando yakutsogolo muholo imene ukudzaimba kuno, ndi kapepala kondiuza kuti ndidzatchene chifukwa udzanditchula dzina pamaso pa anthu. Ndinakhala pamasitepe n'kumawayang'ana mpaka khofi wanga anazizira. Iwe Cleophus, mutu wako ukuyenda bwino?

Usayerekeze kundiuza kuti sukudziwa. Kuyambira Seputembala, tsiku lomwe khothi linamasula wapolisi amene anapha Dontrell, mwana wa a Earline a pamsewu wathu, ife tikunyanyala pakati pa tauni. Sitigulako kanthu, sitidyako. Tinalembera oimba, anthabwala ndi mabungwe onse amene amachitira misonkhano yawo kuno kuti asabwere, mpaka ameya atakhala nafe pansi n'kusintha momwe apolisi amachitira ndi anthu akuda. Masitampa a makalatawo ndinamata ndine. Adiresi ya kalata yako ndinalemba ndi dzanja langa, ndiye usaname kuti inasochera.

Anthu oti sanapondepo mumzinda uno anatimvera. Mayi wina woimba wa ku New Orleans anakana kubwera, n'kutumiza maluwa kwa mayi ake a Dontrell. Holo yaikulu ya pakati pa tauni ija yakhala yopanda anthu nyengo yonse yozizira, ndipo kwa nthawi yoyamba akuluakulu a mzinda ayamba kutiimbira foni okha.

Ndiye anakhala pansi n'kuganiza kuti apeze munthu wakuda mmodzi, wobadwira konkuno, woti dziko lione kuti zinthu zili bwino. Anakupeza iweyo. Akutcha chinthu chawocho Chikondwerero cha Umodzi. Nkhope yako ili pa benchi iliyonse yodikirirapo basi, masaya ali tuu, lipenga lili pakamwa, pansi pake atalemba kuti mwana wathu wabwerera kwawo.

Mwana wawo kuyambira liti? Bambo anakolopa holo imeneyo zaka makumi awiri osakhalapo pampando ngakhale umodzi. Iwe wemwe uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mlonda anakugoneka chafufumimba pamasitepe ake, akuti m'chikwama cha lipenga lako muli mfuti. Unabwera kunyumba shati itang'ambika, ndinakusokera ndine. Lero akukutcha mwana wawo, iwe n'kumasekerera.

Manyazi akundipha. Dzulo podikira basi, Pearlie wa kwaya uja anandikodola n'kunena mokweza kuti, "Vernell, bwera udzakhale pankhope pa mlongo wako, ine ndatopa kumukhalira ndekha." Anthu onse anaseka, inenso ndinaseka, koma ndinaimirira mpaka basi inafika. Amalume a Roosevelt akuti mpweya umene wakhala ukuuzira m'chitsulomo zaka zonsezi wakwera kumutu. Akuti ndikuuze kuti ukadzafika usadzapite kwawo kukafuna nthiti zootcha, aziotchera agalu.

Pa foni paja unandiuza kuti nyimbo zimachiritsa, zimasonkhanitsa azungu ndi akuda pamodzi. Inde, adzasonkhana. Adzakuombera m'manja, ena adzalira ukamaimba nyimbo ya amayi ija. Kenako adzakwera magalimoto awo kubwerera kumapiri kwawo, ndipo Lolemba ameya adzaima pa wailesi yakanema n'kunena kuti kunyanyala kwatha, ngakhale mwana wa pa Garland wabwera. Wochira ndani pamenepo?

Unatinso uli ndi amuna asanu ndi awiri m'bandi, onse a mabanja, ndipo unasaina kale. Usandiphunzitse za mabanja. Ine ndimachapa nsalu za pabedi kuhotela ya pakati pa tauni pomwepo. Misonkhano itasiya kubwera anandidula masiku, ndinkagwira asanu, pano ndikugwira awiri. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu ndipo ndikudya nyemba sabata yathunthu. Makalata amene akundidyetsa nyembawo ndimamata ndekha, ndipo mawa ndikamatanso ena.

Tsopano khala pansi, pali chimene sindinakuuze. Ndakhala nacho pafupifupi chaka.

Ukudziwa lamulo la pa msewu wathu, lomwe amayi anatiphunzitsa tisanadziwe n'kuwerenga komwe. Ukaona mwana wa munthu akuchita zokayikitsa, umaitana make. Make akasowa umaitana abusa. Apolisi suwaitana, chifukwa akabwera sabwera kudzafunsa.

Tsiku lija linali Lachinayi masana, dzuwa likuwala. Ndinali ndikutsuka mbale, magalasi anga a maso ndinawasiya kuchipinda. Poyang'ana pawindo ndinaona miyendo ya munthu ikulowa pawindo lakuseri kwa nyumba ya a Earline. Ndinkadziwa kuti a Earline ali kuchipatala kokatsukitsa impso, ndipo mwezi womwewo nyumba ziwiri pamsewu wathu zinali zitathyoledwa. Sindinatuluke kukafuula kuti ndani uko. Sindinapite n'kukatenga magalasi omwe. Ndinanyamula foni n'kuimbira apolisi.

Anali Dontrell, Cleophus. Anataya kiyi kuntchito, ndiye analowa m'nyumba ya mayi ake momwe ankalowera ali mwana. Apolisi atafika iye anali akutuluka pakhomo lakutsogolo, m'manja muli buledi wokulunga m'pepala lonyezimira, akubwerera kugalaja komwe ankakonza magalimoto. Ndinamva kulira kwa mfuti katatu ndili chigwirire mbale. Kukhothi ankangoti apolisi anaitanidwa ndi munthu woyandikana nawo nyumba. Munthuyo ndine, mlongo wako.

Pamaliro ndinagwira ntchito yanga ya pakhomo la tchalitchi, kulandira anthu ndi kuwagawira zokupizira mphepo. Ndinaphika nkhuku ndi chitumbuwa cha mbatata chija timati payi. Anthu ankanditamanda kuti Vernell ndiye mnansi weniweni, ine ndikufuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Ndinawauza a Earline mu Novembala, kukhitchini kwawo. Ndinayembekeza kuti andimenya, ndipo ndikanakondwa akanatero. Anangoyamba kupukuta tebulo loyera kale. Kenako anati ankadziwa, chifukwa windo lokhalo loona kuseri kwawo ndi langa. Anati, "Iwe unaimba foni, Vernell, mfuti sunawombe ndiwe. Koma usandipemphe kuti ndikupepese, mphamvu zimenezo ndilibe. Ngati uli ndi chisoni, chigwiritse ntchito." Mawa lake ndinapita kukayamba kumata masitampa.

Mlungu watha a Earline anaona nkhope yako pabenchi. Sanatukwane. Anangondifunsa ngati ameneyu ndi Cleo yemwe uja ankakhazika Dontrell pakhonde lathu n'kumamuphunzitsa kuuzira lipenga. Ndinati ndi yemweyo. Akuti ukadzabwera adzakufunsa ngati ukukafunanso kalipenga kako kakale kamene unamupatsa, poti kakadali pansi pa bedi lake ndipo iwo satha kukayang'ana.

Ndiye tamvera zimene zidzachitike Lachisanu pa 5 Epulo, usadzati sindinakuchenjeze.

Ukukumbukira mwambo wa amayi a pakhomo, ife olandira anthu kutchalitchi kwathu ku Mount Nebo. Abusa akayamba pemphero, timatseka zitseko n'kuima chotsamira chitseko, manja titapingasa pachifuwa. Palibe wolowa, palibe wotuluka, kaya ndi mkazi wa abusa, kaya ndi dikoni. Iwe uli ndi zaka zisanu ndi zinayi unayesa kuzemba kudzera kunsi kwa mkono wa amayi athu. Anakugwira khutu maso ali chitsinzinire, n'kukunong'oneza kuti pemphero lisanathe ngakhale mwana wawo sadutsa. Unalira mpaka nthawi ya chopereka, ine ndikukuseka.

Tsiku limenelo, nthawi ya faifi koloko madzulo, amayi a pakhomo a matchalitchi asanu ndi anayi tidzavala madiresi athu oyera ndi magolovesi oyera. Tilipo makumi anayi. Sitidzapita kukhomo lakutsogolo kumene kumalowa ogula matikiti. Tidzaima kuseri, pakhomo lolowera oimba. Abusa a Whitlow adzayamba pemphero, akatopa adzalandira abusa ena, ndipo ameni sadzamveka mpaka nthawi ya nyimbo zanu itadutsa.

Sitidzakuwa, sitidzakugwira, sitidzanyamula ngakhale chikwangwani. Tidzangopingasa manja. A Earline adzakhala pakati penipeni pa chitseko, pampando wawo wamatayala chifukwa miyendo yayamba kuwakana. Anandiuza kuti ndidzaime kudzanja lawo lamanja. Kuyambira Novembala, chimenechi ndi chinthu choyamba kundipempha.

Iwe ndiwe wanzeru, ukudziwa mmene udzalowere. Ife sitidzasuntha tokha. Adzabwera apolisi kudzakulambulira njira. Adzandigwira mkono ine, adzakankha mpando wa a Earline kuuchotsa pakhomo, kuti Cleophus Tolliver adutse ndi lipenga lake akachiritse mzinda. Ndikufuna uchione chithunzi chimenechi tsopano, uli kwanu ku Oakland, usanakwere ndege.

Ndakwiya nawe, Cleo, ndakwiya kwambiri. Ndinakubereka kumbuyo. Lipenga lako loyamba tinakagula ndine ndi amayi kusitolo ya zinthu zakale, titayenda wapansi chifukwa ya basi inathera pomwepo. Nyimbo zako ndili nazo zonse, ndipo ndimaziika mokweza mpaka anansi kudandaula. Palibe munthu padziko pano amene amafunitsitsa kukuona ukuimba muholo imene bambo ankakolopa kuposa ine. Koma osati chaka chino, osati poponda mwana wa a Earline.

Ine ndinalakwa kamodzi chifukwa cha mantha, ndinalibe ngakhale mphindi imodzi yoganiza, ndipo ndidzafa nazo. Iwe uli ndi masabata atatu, magalasi ali kumaso, ndipo mlongo wako wakuuza zonse. Ukalakwa iweyo udzanamizira chiyani?

Aimbire foni akuluakulu a mzindawo uwauze kuti subwera. Uwauzenso anzako a m'bandi chifukwa chake, uwawerengere kalata ino ngati ukufuna, za ine zomwe, sindikubisanso. Woimba ng'oma wako uja, Thaddeus, ali ndi ana aamuna atatu, adzamva. Ndipo ngati zala zikukuyabwa kuti uimbe kwanu, chipinda chapansi cha tchalitchi chilipo. Mipando yake ndi yachitsulo, piyano ili ndi makiyi awiri akufa, koma a Earline adzakhala kutsogolo.

Matikiti ako ndawabweza, ali m'envelopu momwemu. Sindinawang'ambe, ngakhale manja ankafuna.

Upezamonso golovesi limodzi loyera, lakumanzere. Ndi la amayi, pa magolovesi aja ankavala Lamulungu loyamba la mwezi. Lakumanja ndasunga, ndidzavala tsiku limenelo. Ukaganiza bwino, bwera nalo udzandipatse pamzere paja, udzaime kumbuyo kwathu pamodzi ndi amuna ena mpaka ameni. Ukasankha kulowa, usadzandibwezere. Uzidzapukutira malovu a lipenga lako.

Undiperekere moni kwa Charmaine, umuuze kuti ndilibe naye mlandu. Uwapsompsone Imani ndi Langston, ndipo Langston umuuze kuti akataya kiyi azidikira panja. Mulungu wa amayi akusunge, akupatsenso tulo tochepa mpaka utandiyankha.

Ndine mlongo wako, amene udzamupeze pakhomo,

Vernell